Thirakitala yaing'ono ndi mphamvu ya haidiroliki m'minda ya ku Angónia

Nkhani ino ikukhudza thirakitala yaing'ono pamodzi ndi zida zoyendera haidiroliki zimene zimakolekedwa pa iyo, ndipo ikulunjika kwa alimi a kumapiri a Angónia, m'chigawo cha Tete, amene akulingalira zogula makina otere kapena amene adagula kale ndipo akufunafuna njira yoti ndalama zawo zibwerere. Thirakitala imatchedwa yaing'ono pamene injini yake ili ndi mphamvu ya akavalo apakati pa 20 ndi 50, poyerekeza ndi zikuluzikulu za m'minda ya makampani zimene zimapitirira akavalo 100. Haidiroliki ndi njira yotumizira mphamvu ya injini kudzera mu oyilo wopanikizidwa m'mapaipi, ndipo ndiyo imakweza pulawo, kutsitsa katundu wa m'ngolo ndi kunyamula fosholo ya kutsogolo popanda munthu kukhetsa thukuta.

Dera la Angónia, pamodzi ndi maboma oyandikana nalo a Tsangano ndi Macanga, ndi limodzi mwa madera amene amadyetsa dziko la Mozambique, popeza nthaka yake ndi yachonde, mvula imagwa bwino kuyambira Novembala mpaka Malichi, ndipo kuzizira kwa kumapiri kumalola mbewu zimene kuchigwa cha Zambezi sizichita bwino. Kuchokera ku tawuni ya Ulongwe mpaka m'tsinde mwa phiri la Domwe, limene msonga yake imapitirira mamita 2,000, alimi amakolola chimanga, nyemba, soya, kachewere, kabichi ndi fodya, amene ambiri amalima pa mgwirizano ndi kampani ya Mozambique Leaf Tobacco, pamene ku Tsangano kumalimidwanso tirigu. Komabe minda yambiri ndi ya mahekitala owerengeka, yomwazikana, yoikidwa mizere ndi khasu la m'manja kapena la ng'ombe, ndipo yochuluka ili pamalo otsetsereka. M'minda yotere thirakitala yaikulu imatha nthawi ndi dizilo pokhotakhota, ndipo n'chifukwa chake yaing'ono imakopa mitima ya alimi amene ayamba kulima zogulitsa.

Mathirakitala si achilendo ku Angónia. Dziko litalandira ufulu mu 1975, minda imene atsamunda a Chipwitikizi adaisiya idasonkhanitsidwa kukhala munda umodzi waukulu wa boma wotchedwa Complexo Agro-Industrial de Angónia, mwachidule CAIA, mogwirizana ndi mfundo ya msonkhano waukulu wachitatu wa chipani cha Frelimo wa mu 1977 yakuti minda ya boma yolimidwa ndi makina ndiyo idzatukule ulimi. Makina adabweradi, koma minda yotere m'dziko lonse idavutika ndi kusowa kwa masipeyala, amakaniko ndi ndalama zakunja zogulira zonsezi, kotero kuti msonkhano wachinayi wa mu 1983 udavomereza kuti alimi a m'mabanja adanyalanyazidwa. Nkhondo yapachiweniweni, imene idathamangitsira anthu ambiri a ku Angónia ku Dedza ndi ku Ntcheu mpaka mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992, idamaliza zimene zidatsala. Patapita zaka zoposa 20, boma lidaitanitsa mathirakitala 513 kuchokera ku Brazil kudzera mu ndondomeko ya Mais Alimentos, ndi kuwaika m'malo obwereketsa makina kwa alimi, ndipo wofufuza Lídia Cabral, amene adatsatira ntchitoyi, adapeza kuti opindula kwambiri adali a minda yokulirapo, chifukwa obwereketsa sakonda timinda tating'ono, takutali ndiponso tazitsa. Ndondomeko ya Sustenta, imene idayamba mu 2017 ndi kufalikira dziko lonse mu 2020, idasankha njira ina, yopereka makina pangongole kwa mlimi mmodzi amene akutukuka, kuti iyeyo azilimira anzake oyandikana naye. Motero funso la yemwe adzasamale makina, limene kale lidali la boma, tsopano lili pakhomo pa mlimi.

Mwini thirakitala ayenera kumvetsa mmene haidiroliki imagwirira ntchito, ngakhale atakhala ndi dalaivala wolemba ganyu. Mfundo yake idalongosoledwa ndi Blaise Pascal wa ku France m'zaka za m'ma 1600, amene adaonetsa kuti madzi kapena mafuta otsekeredwa akapanikizidwa pamalo amodzi, kupanikizikako kumafika mofanana ponseponse m'kati mwa chotengeracho. M'thirakitala, injini imazunguza pampu, pampuyo imakoka oyilo ndi kumukankhira m'mapaipi, mavalavu, amene ndi timakomo totsegulidwa ndi ndodo zimene dalaivala amagwira, amalozera oyiloyo kumene akufunika, ndipo pamapeto pake oyilo amalowa mu silinda, imene ndi chitsulo cha mphako chokhala ndi pisitoni yoyenda m'kati mwake. Kupanikizika kumayezedwa ndi muyeso wotchedwa bar. Tayala la galimoto yaing'ono limakhala ndi mpweya wa bar pafupifupi 2, pamene oyilo wa m'thirakitala amafika pakati pa bar 150 ndi 200. Pa bar 180, pisitoni imene mulifupi mwake ndi masentimita 5 okha imakankha ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa makilogalamu pafupifupi 3,500, ndipo ichi ndicho chinsinsi cha kachitsulo kooneka konyozeka kamene kamatukula ngolo yodzaza ndi matumba a kachewere. Masilinda ena amakankha mbali imodzi yokha ndipo amabwerera ndi kulemera kwa katundu, monga a ngolo yodzitsitsa yokha, pamene ena amakankha ndi kukoka, monga a fosholo ya kutsogolo, ndipo wogula chida ayenera kufunsa ngati mavalavu a thirakitala yake angayendetse mtundu wa silinda imene ili pa chidacho.

Kumbuyo kwa thirakitala kuli mikono itatu yachitsulo, iwiri pansi ndi umodzi pamwamba, imene imagwira pulawo kapena chida china chilichonse. Kamangidwe kameneka kadakonzedwa ndi Harry Ferguson wa ku Ireland m'zaka za m'ma 1920, kadatchuka pa thirakitala ya Ford 9N ya mu 1939 ndi pa Ferguson TE20 imene idayamba kupangidwa ku Coventry mu 1946, ndipo lero kakupezeka pa mitundu yonse, kaya ndi Massey Ferguson, Kubota ya ku Japan, kapena Mahindra, TAFE ndi Sonalika za ku India. Kale pulawo inkangokokedwa pambuyo, ndipo ikakola chitsa kapena mwala, thirakitala inkatha kudzuka kutsogolo ndi kugwa chagada n'kuphinja woyendetsa. Nzeru ya Ferguson idali yakuti mphamvu imene nthaka ikulimbana nayo pulawo isamutsidwire pa matayala a kumbuyo kuti agwire bwino pansi, ndipo ndiyo idachititsa kuti thirakitala yopepuka izigwira ntchito ya yolemera. Pambali pa mpando pamakhala ndodo ziwiri zimene madalaivala ambiri amazisokoneza. Imodzi imaimika chida pa msinkhu umodzi wosasintha, ndipo imeneyi ndi ya zida zosalowa m'nthaka, monga chotchetchera udzu kapena chopopera mankhwala. Inayo imamvetsera kulimba kwa nthaka kudzera mu mkono wapamwamba, ndipo imakweza pulawo pang'ono ikakumana ndi polimba ndi kuitsitsa ikafika pofewa. Dalaivala amene sadziwa ndodo yachiwiriyi amazunguza matayala pamalo amodzi, amatha dizilo, ndipo mwini munda amalandira nthaka yolimidwa mosalingana. Palinso shafiti yotuluka kumbuyo, yotchedwa PTO, imene imazungulira maulendo 540 pa mphindi imodzi ndi kuyendetsa zida zozungulira monga chopukusira chimanga ndi pampu yothirira.

Nkhani yaikulu kwa mwini makina ndi ya maola. Thirakitala yaing'ono yokoka pulawo ya mbale ziwiri imatembenuza nthaka ya masentimita pafupifupi 60 mulifupi pa ulendo umodzi, ndipo ikamayenda makilomita 5 pa ola, kuchotsapo nthawi yokhota m'malire a munda, imafunika maola anayi kapena asanu kuti imalize hekitala imodzi. Nyengo yotipula ndi yaifupi, chifukwa mvula isanagwe katondo amakhala wouma gwa, ndipo ikangogwa aliyense amafuna kubzala sabata yomweyo. Ngakhale makina atagwira ntchito maola 8 tsiku lililonse kwa masabata asanu ndi limodzi popanda kuwonongeka, maola onse angangofika pafupifupi 300. Ndalama zimene mwini amataya chaka ndi chaka, kaya thirakitala yagwira ntchito kaya yangoima, ndi za kutsika mtengo kwa makina pamene akukalamba, chiwongoladzanja cha ngongole ndi malipiro a dalaivala. Ndalamazi zikagawidwa pa maola 300, ola lililonse limasenza katundu wolemera katatu kuposa zikagawidwa pa maola 900. Choncho thirakitala yongotipula yokha imakakamiza mwini wake kuika mtengo umene anansi ake sangaukwanitse, kapena kuika mtengo wotsika umene ukudya makinawo mwakachetechete, ndipo ambiri amasankha njira yachiwiriyi osadziwa, chifukwa amangowerengera dizilo ndi chakudya cha dalaivala.

Apa ndi pamene zida zoyendera haidiroliki zimasinthira masamu. Chida choyamba chimene mlimi wa ku Angónia ayenera kuchiganizira pambuyo pa pulawo ndi ngolo yodzitsitsa yokha, chifukwa ntchito yonyamula katundu siitha chaka chonse. Mu Epulo, Meyi ndi Juni pali chimanga, nyemba ndi soya zotuta kumunda, pali mabelo a fodya opita kumalo ogulitsira, pali kachewere ndi kabichi zopita kumsewu waukulu wa ku Calómuè kapena ku misika ya m'malire monga Lizulu, ndipo m'chilimwe pali mchenga, miyala ndi njerwa za omanga nyumba, kenako manyowa ndi feteleza mvula ikayandikira. Chopukusira chimanga choyendera shafiti chimapeza ntchito khomo ndi khomo kuyambira Juni mpaka Ogasiti. Rija, imene ndi chida chounga mizere, imagwirizana ndi ulimi wa kachewere ndi fodya, ndipo chokumbira kachewere chimachepetsa mbatata zotemedwa ndi khasu zimene ogula amazikana. M'madimba, thirakitala ya matayala anayi okoka imatha kutipula ndi kuyendetsa pampu yothirira, ngakhale kuti dambo lonyowa limameza makina mosavuta. Fosholo ya kutsogolo ndiyo imakopa maso kwambiri pa zithunzi za ogulitsa, koma ndi yokwera mtengo, imalemetsa matayala a kutsogolo ndipo imangopindulitsa amene ali ndi khola lalikulu kapena ntchito ya zomangamanga, choncho kwa alimi ambiri ingathe kudikira. Chida chilichonse chiyenera kugwirizana ndi kukula kwa mikono ya kumbuyo, imene pa thirakitala yaing'ono kawirikawiri imakhala ya gulu loyamba, ndiponso ndi kulemera kumene mikonoyo ingakweze.

Mdani wamkulu wa haidiroliki ndi fumbi, ndipo ku Angónia mu Seputembala ndi Okutobala fumbi silisowa. Mipata ya m'kati mwa pampu ndi mavalavu ndi yaing'ono kuposa tsitsi la munthu, kotero kuti kamchenga kosaoneka ndi maso kamapala zitsulo pang'onopang'ono mpaka pampu imalephera kupanikiza oyilo. Dothi limalowera pa milomo ya mapaipi pamene ngolo ikulumikizidwa osapukuta, pa chigubu chothirira oyilo chimene dzulo lake chidali ndi dizilo kapena madzi, ndi pa ndodo za masilinda zosiyidwa pamtetete mpaka kuchita dzimbiri. Pa mathirakitala ambiri oyilo wa haidiroliki ndi yemweyo amene amasambitsa magiya, ndipo pa ena amasambitsanso mabuleki, choncho ngolo yobwereka imene silinda yake ili ndi oyilo wakuda imatha kuipitsa makina onse pa tsiku limodzi. Oyilo akaoneka ngati mkaka ndiye kuti mwalowa madzi, akachita thovu ndiye kuti pampu ikukoka mpweya penapake, ndipo mikono ikamakwera monjenjemera kapena pampu ikamalira, chinthu choyamba kuyang'ana ndi sefa. Makina atsopano kawirikawiri amasinthidwa sefa ndi oyilo wa injini akakwana maola 50 oyamba, ndipo pambuyo pake buku la wopanga ndilo limanena maola osinthira chilichonse. Oyilo wogulidwa m'mabotolo osasindikizidwa m'mbali mwa msewu amapulumutsa mametikali ochepa lero, koma pampu yatsopano imadya phindu la nyengo yonse.

Kusankha mtundu wa thirakitala kuyenera kuyambira pa funso la kumene masipeyala akupezeka, dzina la kampani ndi utoto wake zibwere pambuyo. Kuchokera ku Ulongwe, mzinda wa Tete uli pa mtunda wa makilomita oposa 200, Chimoio ndi Beira zili kutali koposa, pamene Lilongwe, ngakhale ali m'dziko lina, ali pafupi kudzera ku Dedza. Mlimi wa m'malire amazolowera kugwira metikali ndi kwacha m'thumba limodzi, koma sipeyala yodutsa pachipata imafuna mapepala ndi msonkho, ndipo masiku atatu otayika pakati pa Novembala ndi mahekitala asanu kapena asanu ndi limodzi osalimidwa. Mwini wanzeru amagula masefa, malamba, mphira zotsekera oyilo ndi paipi imodzi yapadera mu Ogasiti, pamene makina sali pa changu. Masukulu a zaulimi alipo m'deralo, kuphatikizapo nthambi ya zaulimi ya yunivesite ya Zambeze ku Ulongwe, koma makaniko wodziwa kuyeza kupanikizika kwa oyilo ndi chipangizo choyezera, m'malo mongomasula zitsulo mwachiyerekezo, ndi munthu woyenera kumudziwa thirakitala isanagulidwe.

Mapiri ali ndi zofuna zawo. Pamalo okwera mpweya umakhala wopepuka, ndipo injini yopanda thabo, chimene ndi chipangizo chokankhira mpweya wambiri mu injini, imataya pafupifupi magawo atatu mwa magawo 100 a mphamvu yake pa mamita 300 alionse okwera, choncho thirakitala imene ku Beira ili ndi akavalo 40, ku Angónia imakhala itataya akavalo anayi kapena kuposerapo. Chachikulu kuposa ichi ndi ngozi ya kugubuduzika. Thirakitala yaing'ono ndi yopapatiza, ndipo fosholo yodzaza ikakwezedwa m'mwamba, kapena tayala limodzi likagwera mu ngalande pamene makina akudutsa chopingasa phiri, imagwa cham'mbali mofulumira kuposa mmene munthu angadumphire. Dziko la Sweden lidalamula mu 1959 kuti mathirakitala atsopano azikhala ndi chitsulo chotetezera dalaivala makina akagubuduzika, ndipo imfa zotere zidatsika kwambiri kumeneko. Chitsulocho chimateteza pokhapokha dalaivala atamanga lamba, ndipo sichiyenera kudulidwa pofuna kuti makina alowe m'chisakasa chachifupi. Ngolo ndi unyolo wokokera chitsa zimamangidwa pa chitsulo chokokera cha pansi, osati pa mkono wapamwamba. Potsika phiri ndi ngolo yodzaza, mabuleki awiri amamangidwa pamodzi ndipo giya yotsika imasankhidwa asanayambe kutsetsereka. Chizolowezi chokweza anthu pa madigadi popita kumsika kapena kumaliro n'chovuta kuchikana pamudzi, koma thirakitala ili ndi mpando umodzi.

Haidiroliki nayonso imavulaza m'njira zimene ambiri saziyembekezera. Paipi ikaboola kabowo kakang'ono, oyilo amatuluka mopyapyala ndi mphamvu yoti angaboole khungu ndi kulowa m'mnofu, ndipo bala lake, ngakhale limaoneka ngati kulasa kwa minga, limafuna opaleshoni mwamsanga, apo ayi chala kapena dzanja lingadulidwe. Pofufuza pamene pakudontha, munthu agwiritse ntchito katoni kapena thabwa, injini izimitsidwe, zida zitsitsidwe pansi, ndipo ndodo zigwedezedwe kuti kupanikizika kuthe asanamasule chilichonse. Pansi pa ngolo yotukulidwa kapena pulawo yokwezedwa sipalowa munthu popanda mchirikizo wolimba, chifukwa mphira imodzi ikaphulika katundu amagwa nthawi yomweyo. Shafiti yozungulira maulendo asanu ndi anayi pa sekondi imodzi imakola nsalu, malaya kapena mpango, ndipo popeza pa chopukusira chimanga pamaunjikana amayi ovala zitenje ndi ana, chivundikiro chake sichiyenera kuchotsedwa.

Nthaka nayonso imalipira. Pulawo ya mbale ikamadutsa chaka ndi chaka pa kuya kumodzimodzi, makamaka nthaka ili yonyowa, pansi pake pamapangika chigamba cholimba chimene mizu ndi madzi sizidutsa, ndipo pamalo otsetsereka madziwo amathamanga pamwamba ndi kukokolola chonde. Alangizi a ulimi wa mtayakhasu amalimbikitsa chida cha mano chong'amba nthaka pamzere wobzala pokha, chimene chimafuna dizilo wochepa, chimamaliza hekitala msanga ndipo chingagwire ntchito mvula isanagwe, kutanthauza kuti chimatalikitsa nyengo yopezera ndalama. Mizere yoikidwa ndi rija iyenera kutsata akalozera, ngakhale dalaivala ataona kuti kukwera ndi kutsika phiri n'kofulumira.

Pa nkhani ya ngongole, lamulo la malo la mu 1997 limati nthaka yonse ndi ya boma, ndipo chikalata cha DUAT chimapereka ufulu wogwiritsa ntchito malo, osati wowagulitsa kapena kuwaika chikole. Motero banki imayang'ana makina omwewo, nyumba kapena mgwirizano wogulitsa mbewu, ndipo mlimi wolephera kubweza amalandidwa thirakitala. Wopikisana naye weniweni mwini makina si thirakitala ina ayi, koma ng'ombe za mtundu wa Angoni, zimene derali lidadziwika nazo kuyambira kale, zimene zimadya msipu, zimapereka manyowa, zimakoka ngolo m'tinjira timene matayala sangadutse ndipo zikakalamba zimagulitsidwa nyama. Banja lolima mahekitala awiri kapena atatu limapindula kwambiri ndi ng'ombe ziwiri, kapena kulipira thirakitala ya mnansi pa ntchito yoyamba yokha. Kugula kumayenerera munthu kapena bungwe la alimi limene lawerenga kale mahekitala a anthu ofuna kulimiridwa, lawaika m'magulu malinga ndi midzi kuti makina asamathe dizilo pamsewu, ndipo lagwirizana nawo ngati malipiro adzakhala ndalama pamanja kapena matumba a chimanga pokolola. Pa bungwe, mkangano umabuka pa funso la munda umene udzayambe kulimidwa mvula yoyamba ikagwa, ndipo ndandandayo iyenera kulembedwa ndi kuwerengedwa pamaso pa onse mu Seputembala.

Alimi ambiri amayamba ndi thirakitala yogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo pogula yotere wotchi yowerenga maola siyenera kukhulupiriridwa yokha, popeza imatha kufa kapena kusinthidwa. Wogula afike m'mawa injini isanalizidwe, aone utsi umene ikutulutsa poyamba, kenako aigwiritse ntchito mpaka oyilo atatentha, chifukwa pampu yotha imanyamula bwino oyilo ali wozizira ndi kufooka akatentha. Akoleke pulawo yolemera, aikweze pamwamba, azimitse injini ndi kuyang'ana: mikono ikayamba kutsika yokha m'mphindi zochepa, mphira za mu silinda kapena mavalavu zatha, ndipo mtengo wokonzera uyenera kuchotsedwa pa mtengo wa thirakitala asanalipire.